Chomwe chinafooketsa kalabu ya tisitima ya ku MIT

Mu Novembala 1946, ophunzira awiri a pa Massachusetts Institute of Technology, sukulu ya ukachenjede yomwe ambiri amangoitchula kuti MIT, anaitanitsa msonkhano wa anzawo okonda sitima zapamtunda. Mayina awo anali John Fitzallen Moore ndi Walter Marvin. Pamsonkhanowo panabadwa Tech Model Railroad Club, kalabu yomanga njanji ndi tisitima toyendera magetsi, mumzinda wa Cambridge ku America. Kalabuyi inatchuka kuposa ina iliyonse ya mtundu wake, moti wolemba mbiri ya makompyuta sangailumphe. Koma mphamvu zake zinaphwa kalekale. M'zaka zaposachedwapa yakhala ikuyenda ndi anthu owerengeka, ndipo ntchito yambiri yatsamira pa akale omwe anamaliza sukulu zaka zambiri zapitazo. Ambiri amafulumira kunena kuti achinyamata a masiku ano alibe chidwi ndi sitima. Zoona zilimo ndithu, koma ine ndikuona kuti matenda a kalabuyi anayamba pa nthawi yomwe inkaoneka yathanzi kwambiri.

Yemwe sanaionepo ntchitoyi asaganize za chidole cha mwana chongozungulira pamkeka. Kalabuyi imamanga pa muyeso wotchedwa HO, pomwe chinthu chilichonse chimachepetsedwa ka 87. Mutu wa sitima wotalika mamita 20 umasanduka kanthu ka masentimita 23, ndipo mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji ndi mamilimita 16.5 basi. Pathebulo lodzaza chipinda chonse amayalapo njanji, milatho, mapiri obooledwa, masiteshoni, mafakitale ndi matauni. Njanji yawo anaipatsa dzina loti Tech Nickel Plate, ndipo tauni yake yaikulu ndi Gifford City. Mtima wake ndi womwe uja wa anyamata opinda galimoto zamawaya kwathu kuno, kungoti apa ntchito imodzi imadya zaka makumimakumi, ndipo woiyamba sakhala yemwe adzaimalize.

Mwayi woyamba wa kalabuyi unali malo. Patangopita nthawi yochepa chiyambireni, inapatsidwa chipinda m'nyumba yotchedwa Building 20. Inali nyumba yamatabwa yomangidwa mothamanga mu 1943, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, kuti akatswiri ofufuza za radar apeze pogwirira ntchito. Cholinga chinali choti nkhondo ikatha igwetsedwe, koma inaima zaka zoposa 50. Popeza inali yongoyembekezera kugumulidwa, panalibe woidandaula. Wofuna kuboola khoma kuti adutsitse waya ankangoboola, wofuna kukhoma thabwa padenga ankangokhoma. Anthu otchuka ngati Noam Chomsky anagwira ntchito m'nyumba yomweyo. Kwa kalabu ya tisitima, chipinda nambala 20E-214 chinali chuma chosagulika: malo aulere, osasamutsidwa, osayang'aniridwa.

Mamembala anagawikana pawiri. Ena anali a mpeni ndi burashi, okonda kusema timanyumba, kupaka penti mabogi kuti aoneke ogwira dzimbiri, ndi kuumba mapiri. Ntchito yawo inali pamwamba pa thebulo. Enawo, a komiti ya Signals and Power, ankakhalira kukwawa kunsi kwa thebulo, ndipo nkhani yathu yagona pa iwowa.

Vuto lomwe ankalimbana nalo ndi ili. Kasitima kamatenga magetsi kuchokera m'njanji momwemo. Mukaika tisitima tiwiri pa njanji imodzi yosaduka, tonse timamvera dzanja limodzi: mukaonjezera mphamvu tonse tithamanga, mukazimitsa tonse tiima. Kuti anthu angapo ayendetse aliyense kake, njanji imadulidwa m'zigawo zosakhudzana pa magetsi, ndipo payenera kukhala china chake chodziwa kuti kasitima kakuti kali m'chigawo chakuti, nanga chigawo chakutsogolo muli kena kapena ayi, kenako n'kupereka chigawocho kwa woyendetsa woyenera kasitimako kasanafike. Kuchita zimenezi pamanja n'kotopetsa ndiponso kumabweretsa ngozi. Anyamata a kunsi kwa thebulo anaganiza zoti makina azichita okha. Zipangizo anazipeza ku makampani a matelefoni, makamaka Western Electric, yomwe inkapereka katundu wake ku masukulu ngati mphatso. Zinali tizipangizo totchedwa relay, tomwe timatseka kapena kutsegula njira ya magetsi tikalandira magetsi ena, ndipo anatilumikiza tambirimbiri ndi mawaya osawerengeka. Woyendetsa ankasankha kasitima kake pozunguza nambala pa chozungulira cha telefoni yakale, ngati akuimba lamya. M'malo osiyanasiyana m'chipindamo munali maswichi angozi, oti munthu akaona tisitima tili pafupi kuombana angodina, zonse n'kuima nji. Pakhoma panali wotchi yoonetsa nthawi m'manambala, yopangidwa ndi iwo eni, pa nthawi yomwe anthu ambiri anali asanaionepo wotchi yotere.

Panalinso lamulo lina lofunika kulisunga m'mutu. Membala akagwira ntchito maola 40 pa njanjiyo ankapatsidwa kiyi wakewake wa chipinda. Mwana wa zaka 18, wongofika kumene pasukulu, ankatha kulowa pakati pa usiku n'kumasula kapena kusintha makina ovuta kumvetsa popanda kupempha chilolezo kwa mphunzitsi. M'zaka za m'ma 1950 mwayi wotere kunalibe kwina. Kompyuta yaikulu ya pa MIT, IBM 704, inali ndi oiyang'anira ake, ndipo wophunzira wamba sankaloledwa kuikhudza. Ankapereka makadi ake obooledwa kwa woyang'anira n'kumadikira zotsatira. Choncho achinyamata ngati Peter Samson ndi Alan Kotok, omwe anafika pasukuluyi mu 1958, ndi mnzawo Bob Saunders, anakopeka ndi za kunsi kwa thebulo kuposa tisitima tomwe tinkadutsa pamwamba pa mitu yawo.

Kenaka zinthu zinatembenuka. Mu 1958 pa MIT panabwera kompyuta yotchedwa TX-0, yomwe munthu ankatha kukhala patsogolo pake n'kumailamula yekha. Jack Dennis, yemwe kale anali membala wa kalabuyi, ndiye anatsegulira anyamatawa khomo, ndipo anayamba kugona pomwepo, kudikira maola ausiku pomwe makinawo analibe owagwiritsa ntchito. Mu 1961 kampani ya Digital Equipment Corporation inapereka kompyuta ina, PDP-1. Chaka chotsatira Steve Russell ndi anzake anapanga pa makinawa Spacewar!, amodzi mwa masewero oyambirira a pakompyuta. Samson anaikamo nyenyezi zenizeni zakumwamba, ndipo Kotok ndi Saunders anapanga timabokosi toseweretsera pogwiritsa ntchito zipangizo zotola m'chipinda cha kalabu. Kabuku ka mawu a m'kalabu komwe Samson analemba mu 1959 ndi amodzi mwa malo akale pomwe mawu oti hacker analembedwa, ndipo Steven Levy atatulutsa buku lake la Hackers mu 1984, mutu woyamba anaupereka kwa kalabu imeneyi.

Nkhani imeneyi imakambidwa ngati ulemerero wa kalabu, ndipo ndi ulemerero ndithu. Koma tikaiyang'ana ndi diso la wowerengera phindu ndi chitayiko, pamenepa m'pomwe kalabu inayamba kutaya chomwe inkagulitsa. Inkakopa mitu yakuthwa chifukwa inali ndi makina oganiza omwe wophunzira akanatha kuwagwira ndi manja ake. Kompyuta itapereka mwayi womwewo, ndiponso mokulirapo, njira ya anyamata otere inakhota. Richard Greenblatt, yemwe analowa m'kalabuyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, anatchuka ndi pulogalamu yosewera chess ndi makompyuta a Lisp, osati ndi njanji. Kotok anakagwira ntchito ku Digital Equipment Corporation. Kalabu siinagwe tsiku limodzi, ayi. Inamanganso makina ake achiwiri a marelay m'zaka zomwezo, ndipo anatumikira kwa zaka pafupifupi 30. Koma chaka ndi chaka, wophunzira watsopano wa mtima ngati wa Samson anali ndi makomo ena ambiri ogogodapo.

Kunja kwa sukulu nakonso sitima inali kutaya ulemu. Oyambitsa kalabu anakula m'dziko lomwe maulendo ambiri ataliatali anali a pa njanji, ndipo ana ambiri ankalota zoyendetsa sitima. Mu 1956 boma la America linakhazikitsa lamulo lomanga misewu ikuluikulu yolumikiza dziko lonse, ndege zinayamba kutenga apaulendo, ndipo pofika 1960 sitima zamalasha zinali zitatha pa njanji zazikulu. Makampani anatopa ndi kuluza pa sitima zonyamula anthu mpaka boma linakhazikitsa Amtrak mu 1971 kuti itole zotsala. Mwana wobadwa pambuyo pake ankatha kufika pa MIT asanakwerepo sitima ya ulendo wautali. N'kovuta kuti munthu athere usiku akusema chifaniziro cha chinthu chomwe sanachikondepo.

Nkhonya yoonekera inabwera mu 1997. Building 20 inali itafika pomaliza, ndipo kalabu inasamutsidwira ku nyumba ya N52, momwe panthawiyo munali MIT Museum. Njanji ya zaka pafupifupi 50 siinyamulika ngati mpando. Inali yokhomeredwa kumakoma, yoyezedwa molingana ndi chipinda chake, ndipo mbali yaikulu inangophwasulidwa. Chaka chotsatira Building 20 inagwetsedwa, ndipo pamalo pake panamangidwa Stata Center yojambulidwa ndi Frank Gehry, yomwe inatsegulidwa mu 2004, nyumba ya akatswiri a kompyuta. Mamembala sanagwe ulesi. Anayambanso kuyala njanji yatsopano, ndipo m'malo mwa marelay anamanga System 3, ya timakompyuta tating'ono pafupifupi 40 tomvera kompyuta imodzi ya Linux. Anamanganso kachifaniziro ka Green Building, nyumba yaitali ya pa MIT, komwe mawindo ake amayaka ndi kuzima moti munthu amatha kusewera Tetris. Luso linalipo. Chomwe chinasowa ndi chija chinali m'chipinda chakale: mnyamata wolowa m'chipinda chatsopano sankapezamo chilichonse choti sangachipeze kwina. Kunabwera timakompyuta totsika mtengo: Arduino mu 2005, ndi Raspberry Pi mu 2012, yomwe panthawiyo inali ya madola 35, ndipo zomwe kale zinkafuna khoma lonse la marelay wophunzira amazichita pa desiki la kuchipinda kwake kogona. Akafuna anzake, pali magulu a maloboti, a maroketi, a galimoto zoyendera dzuwa, omwe ntchito yawo imatha m'chaka chimodzi n'kukalembedwa pa kalata yofunsira ntchito. Njanji imafuna zaka 20, pomwe wophunzira amakhala pasukulu zaka 4.

Zomwe zachitika ku MIT sizachilendo m'makalabu ena, ngakhale kuti kumeneko vuto limaoneka ngati ukalamba chabe. Mu Januwale 2024, sitolo yogulitsa tisitima ya Hattons, yomwe inayamba ku Liverpool mu 1946, chaka chimodzimodzi ndi kalabu ya ku MIT, inalengeza kuti ikutseka, ndipo mwa zifukwa zake inatchula kuchepa kwa ogula ndi kusintha kwa misinkhu yawo. Mwezi womwewo Warley Model Railway Club inalengeza kuti yasiya chionetsero chake chachikulu cha ku holo ya NEC ku Birmingham, chomwe inachititsa kwa zaka 30, chifukwa mamembala ake akalamba ndipo ntchito yawakulira. Ku Germany, kampani yopanga tisitima ya Märklin ya ku Göppingen inalephera kubweza ngongole mu 2009, chaka chomwe inkakwanitsa zaka 150, ndipo inapulumuka pogulidwa ndi eni ena.

Tisanene kuti anthu aleka kukonda tisitima. Nyumba yoonetsera tisitima ya Miniatur Wunderland ku Hamburg, yomwe mapasa Frederik ndi Gerrit Braun anatsegula mu 2001, imalandira alendo oposa miliyoni imodzi pachaka. Mu 2019 achinyamata ataphwanya njanji za Market Deeping Model Railway Club ku England usiku, chionetsero chawo chisanayambe, anthu anasonkha ndalama zoposa mapaundi 100,000, ndipo woimba Rod Stewart yekha anapereka 10,000. Owonera alipo, achifundo alipo, ogula mabokosi n'kukasewera okha kunyumba aliponso. Osowa ndi anthu obwera sabata ndi sabata kudzakwawa kunsi kwa thebulo, kuwotcherera mawaya pamodzi ndi ena, ndi kuphunzira kwa mkulu yemwe akudziwa chifukwa chake waya wakuti anadutsa apo. Ndalama zimagula njanji yatsopano, koma nzeru zotere zimangodutsa kuchoka m'manja kupita m'manja, ndipo mbadwo umodzi ukadumphidwa zimapita ndi eni ake. Chimenechi n'chimene chimandidetsa nkhawa, chifukwa m'makalabu otere ndimo anthu ambiri anaphunzira ukalipentala, zamagetsi ndi kugwira ntchito yaitali ndi anzawo popanda malipiro kapena mayeso.

Kalabu ya ku MIT siidzabwerera pomwe inali mu 1960, ndipo kuitanira anthu ndi mbiri ya Samson ndi Kotok sikungaibwezeretse. Iwowa sanabwere chifukwa cha mbiri. Anabwera chifukwa anapatsidwa chipinda, kiyi ndi makina ovuta omwe kunalibe kwina kowapeza. Mwa zitatuzi, chachitatu chinachoka ndi kubwera kwa kompyuta yotsika mtengo ndipo sichidzabweranso, pomwe chipinda chili m'manja mwa eni sukulu, monga zinaonekera mu 1997. Kalabu iliyonse ya njanji yomwe ilibe malo otsimikizika kwa zaka zambiri, ndiponso yomwe siikupereka makiyi kwa achinyamata, idzatha pamodzi ndi mamembala omwe ili nawo lero.