Kusankha Mneni Woyenera M'ziganizo za "If" M'Chingerezi

Ophunzira ambiri amene amalemba mayeso a MSCE, omwe munthu sangapate satifiketi yake popanda kukhoza Chingerezi, amataya malikisi pa zinthu ziwiri zogwirana: kusankha mneni m'chiganizo choyamba ndi "if", ndiponso kugwirizanitsa mneni ndi mwininkhani, yemwe ndi munthu kapena chinthu chimene chiganizo chikukamba. Komatu wolankhula Chichewa amadziwa kale maziko a zonsezi, chifukwa sasokoneza "mvula ikagwa, tidzadzala" ndi "mvula ikanagwa, tikanadzala", ndipo sanganene kuti "thumba la mbatata zagwa".

Chiganizo cha "if" chili ndi nthambi ziwiri, ina yonena chimene chiyenera kuyamba chachitika ndipo ina yonena zotsatira zake. Chinsinsi chake n'chakuti nthawi ya mneni wa m'nthambi ya "if" imasonyeza makamaka ngati zonenedwazo n'zotheka kapena n'zongoganizira. Zikakhala zotheka, mneniyo amakhala wa nthawi yatsopano ngakhale kuti nkhaniyo ndi yam'tsogolo, monga "If it rains, we will plant", ndipo n'kulakwa kunena "If it will rain", chifukwa "will" malo ake ndi m'nthambi ya zotsatira. Zikakhala zongoganizira za lero kapena za mawa, mneni amabwerera m'nthawi yakale ngakhale kuti palibe chimene chinachitika kale, ndipo amatsagana ndi "would", monga "If she had money, she would buy a bicycle". Zikakhala za mwayi umene unadutsa ndipo sungabwererenso, mneni amabwereranso sitepe ina, monga "If it had rained, we would have planted". Chichewa chimagwiritsa ntchito -kana- kapena -kada- pa mitundu iwiri yomalizayi, n'chifukwa chake ophunzira amaisakaniza akamalemba Chingerezi.

Pa nkhani ya mgwirizano, Chichewa chimasintha agwirizanitsi motsata gulu la dzina, pamene Chingerezi chimayang'ana makamaka ngati mwininkhani ndi mmodzi kapena ambiri, ndipo pa aneni ochuluka kusiyanako kumaonekera m'nthawi yatsopano yokha. Chosokoneza n'chakuti "s" wa kumapeto kwa dzina amasonyeza zambiri, koma "s" wa kumapeto kwa mneni amasonyeza chimodzi, monga "the boy runs" ndi "the boys run". Mneni amatsata mwininkhani weniweni osati dzina limene wayandikana nalo, kotero cholondola ndi "The bag of potatoes has fallen", popeza chagwa ndi thumba. Mawu ngati "everyone" ndi "each" amatenga mneni wa chimodzi monga momwe "aliyense" amachitira, pamene "people" ndi "police" amatenga wa zambiri. Ulemu wa Chichewa nawonso sulowa m'Chingerezi: "agogo akubwera" ndi "my grandmother is coming", osati "are coming", ngakhale agogowo akhale olemekezeka chotani.

Malamulo awiriwa amaoneka ngati akutsutsana pa mneni "were". Mwachizolowezi "I" ndi "he" amatenga "was" m'nthawi yakale, koma m'chiganizo chongoganizira olemba amati "If I were the chief" kapena "If he were here". Uku sikuphwanya mgwirizano, chifukwa "were" ameneyu ndi chotsalira cha kaumbidwe ka mneni ka m'Chingerezi chamakedzana, kamene kankasonyeza zinthu zosachitika. Polankhula anthu ambiri amati "If he was here", koma m'kalata yofunsira ntchito kapena pa mayeso "were" ndiye woyenera. Ndipo pamene nkhaniyo ingakhale kuti inachitikadi, monga "If he was at the market, he saw the accident", "was" ndiye wolondola, popeza wolankhulayo sakupeka zinthu koma akungokayika ngati munthuyo analidi kumsika.