Kuyabwa kosagonetsa tulo, kothawitsa anzako

Anthu ena m'nyumba akamagona, kwa munthu wodwala prurigo nodularis ndiye kwayamba kuvuta. Khungu limayabwa ngati linthumbu lalowa pansi pake. Amakanda ndi zikhadabo, zikalephera amatenga chipeso kapena chitsononkho. Kukacha, chofunda chimakhala ndi madontho a magazi, maso ali psuu, koma kumunda kapena kuntchito ayenera kupitabe.

Matendawa amatulutsa zotupa zolimba, zina zofika masentimita atatu, makamaka m'mikono, m'miyendo, m'mapewa ndi pamimba. Pakati pa msana nthawi zambiri pamakhala posalala chifukwa dzanja silifikapo, ndipo madokotala a khungu amayang'ana pamenepa pofuna kuwazindikira. Dzina lake analipereka ndi dokotala wa ku Chicago, James Nevins Hyde, mu 1909.

Chimene achibale ambiri sadziwa n'chakuti kukandako si khalidwe loipa ayi. Mitsempha ya pakhungu imakhala itasokonekera, ndipo chitetezo cha m'thupi chimatulutsa timadzi tina, monga interleukin-31, timene timakolezera kuyabwa. Munthu akakanda, khungu limakhuthala, mitsempha imanyanyuka, kuyabwa n'kuwirikiza. Choncho mawu aja akuti “osamakanda, mukudzipweteka nokha”, ngakhale amanenedwa mwachikondi, amamusenzetsa wodwala mlandu umene si wake. Ambiri amangokanda ali m'tulo, osadziwa n'komwe.

Koma chopweteka kwambiri ndi maso a anthu. Kwathu kuno khungu limawerengedwa msanga. Wina akaona zotupa amati ndi mphere, wina amati khate, wina amanong'oneza za kulodzedwa. M'minibasi woyandikana naye amafinyikira kuzenera. Kutchalitchi, nthawi ya moni wa mtendere, dzanja lake limatsala m'malere. Pamaliro, pamene anthu amasamba m'beseni limodzi n'kuzungulira mbale imodzi ya nsima, iye amadzipatula yekha asanapatulidwe. Mayi wogulitsa mandasi amangoona makasitomala ake akale akupitirira kukagula kwa mnzake, popanda womuuza chifukwa. Zonsezi zimachitika chonsecho matendawa sapatsirana, ngakhale kwa munthu wogona naye mphasa imodzi.

N'chifukwa chake mudzaona munthu atavala malaya a manja aatali ndi masokosi mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Thukutalo limangowonjezera kuyabwa, koma iye amasankha kupsa kusiyana n'kufunsidwa mafunso. Pakhungu lakuda, chotupa chikapola chimasiya banga lodera kwambiri kapena chipsera chotuwa chimene chimakhala zaka. Kafukufuku wa ku Johns Hopkins ku America, wa mu 2018, anapezanso kuti anthu akuda amadwala matendawa kuwirikiza katatu poyerekeza ndi azungu.

Pali chilonda china chakale chimene matendawa amatokosa. Ma ARV aulere asanayambe kuperekedwa m'Malawi mu 2004, tizilonda toyabwa m'miyendo tinkatengedwa ngati chizindikiro cha Edzi, ndipo maganizo amenewo sanathe. N'zoona kuti prurigo nodularis imapezeka kawirikawiri mwa anthu amene ali ndi HIV, monganso mwa odwala impso, chiwindi kapena shuga, ndipo n'chanzeru kukayezetsa zonsezi. Koma ambiri alibe ngakhale amodzi mwa matenda amenewa. M'banja, kukayikirana kumayambira pomwepa: wina amasamuka kuchipinda, apongozi amayamba kufunsa za mayendedwe, ndipo wodwala amakhala akudziteteza pa mlandu umene palibe wautchula poyera.

Munthu wosagona miyezi yambiri sachedwa kupsa mtima, amaiwalaiwala, ntchito imamukanika. Madokotala amadziwa kuti nkhawa ndi matenda okhumudwa zimayendera limodzi ndi nthendayi, ndipo ena amafika poganiza zodzipha. Nkhawayo imakolezanso kuyabwa. Ine ndikuona kuti wachipatala amene wangopereka mafuta opaka, osafunsa ngati wodwalayo akugona kapena ngati akadali kupita pagulu, wagwira theka la ntchito.

Thandizo lilipo, ngakhale ndi lapang'onopang'ono. Ku America anavomereza jakisoni wa dupilumab mu 2022 ndi wa nemolizumab mu 2024, koma mtengo wake ndi wosafikirika kwa Mmalawi wamba. Zimene zingatheke kuno ndi mafuta amphamvu a steroid olembedwa ndi dokotala, mapiritsi ochepetsa kuyabwa usiku, kuwenga zikhadabo, kupaka Vaseline kuti khungu lisaume, ndi kumanga zotupa ndi bandeji pogona. Kutema mphini kapena kupaka mafuta oyeretsa khungu a pamsika pofuna kufufuta mabanga kumangowonjezera zilonda. Zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zimaona odwala khungu, ndipo wochokera kumudzi angayambire kuchipatala chaching'ono n'kupempha kalata yomutumiza. Apite akudziwa kuti zotupa zimatenga miyezi kuti ziphwe, ndipo adzafunika kubwererako kangapo.