Kugula Wotchi Yakale pa Okushoni

Lero tikamba za mawotchi akale amene amagulitsidwa pa okushoni, msika umene katundu amatengedwa ndi munthu yemwe watchula mtengo woposa anzake onse.

Ambiri timaganiza kuti chinthu chikakalamba mtengo wake umatsika. Kwa mawotchi ochuluka izi n'zoona, koma ena amasiyana. M'chaka cha 2014, ku Geneva, kampani ya Sotheby's inagulitsa wotchi ya m'thumba ya Patek Philippe pa mtengo wa madola pafupifupi 24 miliyoni. Wotchiyi inaperekedwa kwa Henry Graves, mkulu wa za mabanki ku New York, mu 1933, ndipo imachita ntchito 24 pamwamba pa kusonyeza nthawi. Mu 2017, ku New York, kampani ya Phillips inagulitsa Rolex Daytona imene ankavala katswiri wa mafilimu Paul Newman pa madola oposa 17 miliyoni.

Kodi anthuwa ankalipirira chiyani? Kusunga nthawi ayi, pakuti chiyambire 1969, pamene kampani ya Seiko inatulutsa wotchi ya pamkono yoyendera batire ndi kamwala ka quartz, ngakhale wotchi yotchipa imasunga nthawi bwino koposa yopukusa. Iwo ankagula mbiri ya wotchiyo, kusowa kwake, ndiponso kuti inali monga momwe inatulukira m'manja mwa amisiri.

Mfundo yomalizayi ndi imene imakhudza ngakhale inu ofuna wotchi ya mtengo wochepa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wotchi yakale yonyezimira kwambiri mwina inakwechedwa pa makina mpaka m'mbali mwake munaperepeseka. Nkhope yake mwina inapakidwanso utoto, kapena zitsulo za m'kati zinachokera ku wotchi ina. Zonsezi zimagwetsa mtengo. Odziwa amasankha nkhope yofwifwa koma yeniyeni, kusiyana ndi yowala yokonzedwanso.

Choncho pitani kukaona katunduyo masiku oonetsa, okushoni isanachitike. Pukusani wotchiyo, muimvetsere, muyendetse mivi yake. Pemphani kuti akutsegulireni kumbuyo muone ngati mulibe dzimbiri, ndiponso ngati dzina ndi nambala za pa makina zikugwirizana ndi zimene alemba m'buku la katundu. Funsani za bokosi ndi mapepala ake. Ngati manambala a pankhope anapakidwa mankhwala owala usiku isanafike 1960, musawakhudze, chifukwa kawirikawiri mumakhala radium, amene ndi woopsa m'thupi.

Dziwaninso kuti mtengo umene nyundo yagwera si umene mudzalipira. Mwini okushoni amaonjezerapo gawo lake, ndipo m'makampani akuluakulu limafika 25 pa 100 aliyense, mwinanso kuposa. Mukapambana pa madola 400, mudzatulutsa 500, osawerengera msonkho ndi malipiro a mmisiri wotsuka makina ndi kuthira mafuta. Katundu amagulitsidwa monga momwe alili; wotchi ikaima mawa lake, nthawi zambiri simungaibweze.

Lembani tsono malire anu papepala musanachoke pakhomo. M'chipinda cha okushoni mtima umathamanga, ndipo munthu amayamba kulimbana ndi mnzake m'malo mogula wotchi. Mtengo ukapitirira zimene munalemba, tsitsani dzanja. Okushoni ina idzabwera.