Ana awiri, msana umodzi: chikuku chake chikhale chotani?

Mayi wa mwana mmodzi savutika kuganiza za ulendo. Amatenga chitenje, kumanga mwana kumbuyo, basi wanyamuka. Nkhani imavuta pamene ana ali awiri ndipo onse ngofuna kunyamulidwa: mapasa, kapena wakhanda amene wabwera mkulu wake asanalimbe miyendo. Wa chaka ndi theka amayenda inde, koma sangafike ku sikelo wapansi. Ndiye mumaona mayi ali ndi wina kumbuyo, wina m'chiuno, chikwama paphewa, mabuku a kuchipatala m'manja.

N'chifukwa chake masiku ano, makamaka m'matauni, ambiri akufunsa za chikuku cha ana awiri. Ena amachiona pa kaunjika, ena mwana wawo wa ku Johannesburg kapena ku Leicester amaimba foni kuti, "Amayi, nditumize chotani?" Kawirikawiri funsoli limagwera inu, agogo, azakhali ndi apongozi, chifukwa ndinu mumakhala pafupi ndi mayi amene wangochira kumene. Tiyeni tikambirane zoyenera kuona ndalama isanatuluke, poti chikuku chatsopano cha ana awiri chimadya ndalama yogula matumba angapo a chimanga.

Musanayang'ane chikuku, yang'anani njira. Yendani m'maganizo mwanu kuchokera pakhomo kukafika kumene mayiyo amapita sabata ndi sabata: kutchalitchi, kumsika, ku sikelo, kumphakati. Kodi n'phula, mchenga kapena miyala? Pali ngalande zingati zodumpha? Nanga mvula ikagwa pamakhala bwanji? Zikuku zambiri zinapangidwira mayiko amene m'mbali mwa msewu muli njira ya simenti ya anthu oyenda pansi. Timatayala take timakhala tating'ono, tapulasitiki, tofuna posalala. Pamchenga timatitimira, pamatope timamata, ndipo mayi amathera kunyamula chikuku ndi ana omwe. Mwana wa zaka 2 amalemera pafupifupi makilogalamu 12, wa miyezi 6 makilogalamu 7 kapena 8, ndipo chikuku cha ana awiri pachokha chimafika makilogalamu 12 mpaka 15. Mukaphatikiza mwadutsa makilogalamu 30, pamene ndowa ya madzi ya malita 20 imalemera makilogalamu 20 okha. Katundu wotereyo sangamuwolotse ngalande mayi amene ali yekha.

Ngati njira ili ya dothi koma yoyendeka, sankhani cha matayala akuluakulu a labala, okhala ngati a kanjinga ka mwana. Opopa mpweya ndiwo amameza mabampu, ndipo akaphulika wokonza njinga pamsika amamata chubu tsiku lomwelo. Tayala la pulasitiki likasweka, chikuku chatha pomwepo. Ngati ulendo uliwonse umafuna minibasi, chipindeni pamaso pa wogulitsa muone kukula kwake chikapindidwa, kenako mudzifunse ngati kondakitala angachilole osalipiritsa mpando wina. Ndipo ngati njira yake ndi ya kabaza, kapena kanjira kodutsa m'minda, ine malangizo anga ndi akuti ndalamayo igwire ntchito ina.

Zikuku za ana awiri zilipo za mitundu iwiri ikuluikulu. China ana amakhala moyandikana, wina kumanja wina kumanzere. China amakhala mondondozana, wina kutsogolo wina kumbuyo, kapena wina pamwamba wina m'munsi pang'ono. Choyandikanacho n'chabwino kwa mapasa: onse amaona kunja mofanana, mpando uliwonse umagonekeka pawokha, ndipo sichivuta kukweza pachitunda chifukwa n'chachifupi. Vuto lake ndi m'lifupi. Zambiri zimakhala masentimita 75 mpaka 80, pamene zitseko zambiri za nyumba zathu zili pafupifupi masentimita 80, zina zochepera. Tengani chingwe muyeze khomo, mukayeze chikuku. Komanso mwana wina akakhala wolemera kwambiri kuposa mnzake, chimakokera mbali imodzi ngati ngolo ya ng'ombe yopunduka. Chondondozana chimalowa pakhomo ndi pakati pa mabenchi bwinobwino, koma n'chachitali, chovuta kukhota, ndipo kutsogolo kukakhala mwana wamkulu pamafunika mphamvu kuti mukweze matayala pa sitepe. Pa zambiri zoterezi mpando umodzi wokha ndiwo umagona kwathunthu. Umenewo ndi wa wakhanda, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo.

Mwana wosakwana miyezi 6 ayenera kugona chagada pamalo oti tambalale, olimba, osati kukhala tsonga kapena chotsamira. Mutu wa khanda ndi wolemera poyerekeza ndi thupi lake, khosi lake n'losalimba, ndipo njira yake ya mpweya ndi yopapatiza komanso yofewa. Mukamukhazika pampando wopendekeka, akagona tulo mutu umagwera kutsogolo, chibwano n'kukhudza pachifuwa. Njira ya mpweya imapindika ngati mmene paipi yothirira dimba imachitira mukaiponda. Choopsa n'chakuti mwana woteroyo nthawi zambiri salira. Amangokhala chete, mayi n'kumati wagona bwino. Ana obadwa masiku asanakwane ndi obadwa ndi sikelo yotsika, osakwana makilogalamu 2.5, ndiwo ali pachiopsezo chachikulu, ndipo mapasa ambiri amabadwa otero.

Choncho wogulitsa akamakuonetsani maluwa a pansalu ndi poika botolo, inu gwirani mpando muugoneke mpaka pamapeto. Ukakana kufika poti tambalale, chikukucho si cha wakhanda, kaya chikongole bwanji. Musati mukonza ndi pilo kapena bulangete lopinda. Pilo ndiye amakankhira mutu kutsogolo, ndipo zofewa zilizonse pafupi ndi mphuno ya khanda zikhoza kumutseka mpweya. Mwana akafika poti akukhala yekha osagwa, kawirikawiri cha pa miyezi 6, mukhoza kuyamba kuudzutsa mpandowo.

Lamulo la chibwanoli likukhudzanso chitenje. Mukabereka khanda, onani kuti chala chanu chikulowa pakati pa chibwano ndi chifuwa chake, mutu watembenukira kumbali, ndipo mphuno ili poyera.

Kwa mwana wobadwa wochepa kwambiri, chikuku chiyambe chadikira. Malo ake ndi pachifuwa cha mayi, khungu kukhudzana ndi khungu, njira ija timaitcha ya kangaru. Inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia m'chaka cha 1978, ndipo kuno chipatala chachikulu cha Zomba chinayamba kuigwiritsa ntchito mu 1999. Imamupatsa mwana kutentha, imamuthandiza kupuma bwino ndi kuyamwa pafupipafupi. Akakhala mapasa, bambo kapena agogo akhoza kufungatira wina. Palibe chikuku chimene chingagwire ntchito imeneyi.

Tibwere ku malamba. Abwino ndi ogwira malo asanu: mapewa onse awiri, m'chiuno mbali zonse, ndi pakati pa miyendo. Wapakati pa miyendoyo anthu amamupeputsa, koma ndi amene amaletsa mwana kutsetserekera pansi. M'chaka cha 2010 kampani ya Graco ku America inaitanitsa zikuku zake zakale pafupifupi 2 miliyoni, makanda anayi atamwalira. Anawo sanamangidwe malamba, ndipo anatsetsereka thupi n'kudutsa pansi pa kathebulo ka kutsogolo, mutu n'kukanirira. Chaka cha 2009 kampani ya Maclaren nayo inachenjeza za zikuku pafupifupi 1 miliyoni, chifukwa popindira pake panadula nsonga za zala za ana 12 pamene makolo ankachitambasula. Sindikunena izi kuti muope mayina amenewa, poti makampaniwo anakonza zolakwikazo. Ndikunena chifukwa katundu wa pa kaunjika amabwera wopanda buku la malangizo, ndipo palibe amene angakuuzeni kuti anapangidwa liti. Ndiye maso anu ndiwo agwire ntchito.

Pa chikuku chogwiritsidwapo kale ntchito, kokani lamba aliyense mwamphamvu muone ngati ulusi sunavunde. Tsekani ndi kutsegula cholumikizira malamba kangapo. Chizimveka kuti chagwira, ndipo chisakhale chofewa moti mwana wa zaka 2 n'kuchitsegula yekha. Pondani buleki, kenako kankhani: matayala onse awiri akumbuyo asayende. Chitambasuleni n'kuchigwedeza, muone ngati sichipindika chokha. Yang'anani dzimbiri, ming'alu, ndi mawaya kapena misomali imene wina anamangira pothyoka. Pansi pa mpando kapena pachitsulo pamakhala kapepala kolembedwa malire a kulemera kwa mwana. Zambiri zochokera ku Ulaya zimalemba EN 1888, kutanthauza kuti zinayesedwa motsatira muyezo wa kumeneko, ndipo malire ake amakhala makilogalamu 15 kapena 22 pampando umodzi. Ngati wamkuluyo ali kale ndi makilogalamu 13 ndipo malire ndi 15, dziwani kuti mukugula chinthu cha kanthawi kochepa.

Musachite manyazi kuchiyesa ndi katundu. Chikuku chopanda kanthu chimayenda bwino chilichonse. Ikanimo zigubu ziwiri za malita 5 mpando wina, chimodzi mpando winawo, muchikankhe ndi dzanja limodzi, mukhote, mukweze pachitunda. Kenako chotsani zigubu za mpando umodzi muone ngati sichipendama, chifukwa umo ndi mmene zidzakhalire wamkulu akadzatsika mwadzidzidzi. Pachogwirira musamapachike jumbo ya ufa kapena chikwama cholemera. Katundu wa pamenepo ndi amene amagwetsera chikuku chagada, mutu wa mwana n'kumenya pansi. Zogula ziikeni m'kadengu ka pansi. Mukafika nacho kunyumba, chapani nsalu zonse ndi sopo, muyanike padzuwa, muyang'anenso m'misoko ngati mulibe nsikidzi.

Pali chizolowezi china chimene ndimachiona pakhomo la tchalitchi ndi pamzere wa sikelo: kuphimba chikuku chonse ndi chitenje kapena bulangete kuti mwana asapse ndi dzuwa. Cholinga n'chabwino, koma mkatimo mpweya suyenda, kutentha kumakwera msanga, ndipo mwanayo simukumuona. M'mwezi wa Okutobala zimenezi n'zoopsa ndithu, poti khanda silitha kudziziziritsa ngati munthu wamkulu. Gwiritsani ntchito kadenga ka chikukucho kapena ambulera, m'mbali mukhale motsegula, ndipo mukaima imani pamthunzi. Madzulo, udzudzu ukayamba, phimbani ndi neti. Usiku mwana akagone pamalo ake m'neti, osati m'chikuku.

Wamkuluyo tisamuiwale. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2019, linati mwana wosakwana zaka 5 asamakhale womangidwa malo amodzi kupitirira ola limodzi nthawi imodzi, kaya ndi m'chikuku, pampando, kapena kumbuyo kwa womulera. Wa chaka chimodzi kapena ziwiri amafunika maola osachepera atatu patsiku akuyenda, kuthamanga ndi kusewera. Chikuku n'cha paulendo. Mukafika, mutsitseni.

Tsono kodi n'kofunikadi kugula cha ana awiri? Kwa mapasa a m'tauni, kumene msewu ulipo, ndinganene kuti inde, chimathandiza kwa zaka ziwiri kapena kuposa. Koma ana akasiyana ndi chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, nthawi imene onse amafuna mpando ndi yochepa. Mabanja ambiri zimawayendera bwino ndi chikuku cha mwana mmodzi, cholimba, chogoneka kwathunthu, kuphatikiza chitenje. Poyamba wakhanda amakhala pa mayi, wamkulu m'chikuku. Wamkulu akafuna kuyenda, wakhanda amagona m'chikuku msana wa mayi n'kupumako. N'chotsika mtengo, chopepuka, ndipo chimalowa m'minibasi. Kwa mayi amene wachira kudzera pa opareshoni, masabata 6 oyambirira asanyamule cholemera kuposa khanda lake. Wamkulu uja, ndowa, ngakhale chikuku chomwe, anyamule wina. Apa bambo aziuzidwa mosabisa mawu.

Mawu amodzi pa nkhani ya kutumbiza, poti ndikudziwa mmene timayankhulira. Madokotala amalangiza kuti papite miyezi 24 mwana atabadwa mayi asanaimenso, ndipo alangizi a zabanja m'maparishi athu amaphunzitsa njira zachilengedwe zothandiza pa zimenezi. Koma pamene ana abwera kale motsatana, mayi safunika kunyogodoledwa. Ndipo asaumirizidwe kuletsa wamkulu kuyamwa tsiku limodzi poganiza kuti mkaka waipa chifukwa cha pakati. Mkakawo suipa. Ngati pakatipo palibe vuto limene achipatala anena, akhoza kupitiriza kuyamwitsa, iye akudya mokwanira. Ana ambiri amene timawaona atanyentchera ndi aja analetsedwa bere mwadzidzidzi popanda phala lokwanira lolowa m'malo.

Pomaliza ndikusiyireni ganizo loti mukakambirane pamsonkhano wanu wa mwezi uno. Chikuku cha ana awiri banja limodzi limachigwiritsa ntchito kanthawi kochepa, kenako chimangodya malo kuseri kwa chitseko. Gulu la amayi pa parishi likhoza kusonkha n'kugula chimodzi chabwino, cha matayala akuluakulu, n'kumabwereketsa kwa mayi wa mapasa kapena wa ana otsatana. Pakhale kope lolembamo amene watenga ndi tsiku lobweza, ndiponso mayi mmodzi woyang'ana mabuleki ndi malamba chisanapite kwa wina. Amene akukapereka chikukucho akamuonetse mayiyo kagonekedwe ka mpando ndi kamangidwe ka malamba, mwana ali momwemo.