Rab7: puloteni yomwe tizilombo ta TB timaitsekereza

Mkati mwa selo iliyonse ya m'thupi, katundu amayenda m'timatumba ting'onoting'ono. Mapuloteni a gulu la Rab ndi omwe amalondolera kathumba kalikonse koyenera kupita, ndipo munthu ali ndi mitundu yoposa 60 ya mapuloteniwa.

Ntchito ya Rab7 ndi kuperekeza zinthu zofunika kuwonongedwa ku lysosome, malo a asidi omwe selo imagayiramo zinyalala ndi tizilombo. Kathumba kakangopangidwa kamakhala ndi Rab5, kenako Rab5 imachoka, Rab7 n'kulowa m'malo mwake. Kusinthanaku kukalephereka, katundu safika kogayira.

Apa ndi pomwe tizilombo toyambitsa chifuwa chachikulu cha TB timapezerapo mwayi. Tikalowa m'mapapo, maselo achitetezo otchedwa macrophage amatimeza n'kutitsekera m'timatumba. Mu 1971, Armstrong ndi D'Arcy Hart a ku London anaona kuti timatumba tokhala ndi tizilombo tamoyo ta TB sitilumikizana ndi lysosome. Mu 1997, gulu la Vojo Deretic linasonyeza pomwe ulendowu umaimira: kathumba kamakhalabe ndi Rab5, Rab7 osabwerapo. Choncho tizilomboti timapulumuka m'selo yomwe inayenera kutipha.

Iyi ndi imodzi mwa njira zomwe TB imabisalira m'thupi kwa zaka munthu osadwala, n'kudzayamba chitetezo chikatsika. N'chifukwa chake anthu omwe ali ndi HIV komanso ana okhala nyumba imodzi ndi wodwala TB amapatsidwa mankhwala oteteza, monga isoniazid, ngakhale asakutsokomola. Azaumoyo ndi odzipereka akafotokoza bwino mfundoyi, anthu sasiyira mankhwalawa panjira.

Rab7 imathanso kusokonekera chibadwire. Mu 2003, ofufuza a ku Antwerp anapeza kuti kusintha kwa jini ya Rab7 kumayambitsa Charcot-Marie-Tooth 2B, matenda akumtundu omwe amawononga mitsempha ya m'miyendo. Mapazi amachita dzanzi, amatuluka zilonda zosapola msanga, ndipo ena amafika podulidwa zala.

Matendawa ndi osowa kwambiri. Munthu wa dzanzi ndi zilonda kumapazi ayambe wayezedwa shuga, khate ndi HIV, afunsidwenso ngati akumwa isoniazid, poti nayonso imatha kubweretsa dzanzi. Zonsezi zikapanda kupezeka koma achibale angapo ali ndi vuto lomwelo, atumizidwe ku chipatala chachikulu. Podikira, aziyang'ana mapazi ake tsiku lililonse ndipo asayende opanda nsapato.