Chisanu cha pa Thanthwe la Chambe

Munthu woyenda mumsewu wochokera ku Chitakale kunka ku Phalombe, akangopitirira pa Likhubula nakweza maso, amaona thanthwe la Chambe la m'phiri la Mulanje litaima ngati linga la mfumu, kutalika kwake mamita pafupifupi 1,700 kuchokera patsinde kufika pamwamba. Ndipo thanthwe limeneli, lomwe lili m'gulu la matanthwe aatali koposa amene anthu amakwera ndi zingwe mu Africa muno, lakhala likuitana alendo a kutsidya kwa nyanja kuyambira masiku a Frank Eastwood, amene buku lake lolongosola njira za m'phiri la Mulanje lidatuluka m'chaka cha 1979.

Akatswiri a miyala amati zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo chiphalaphala chamoto chidakwera kuchokera m'mimba mwa dziko, koma chisanaboole kunja chidazirala pang'onopang'ono pansi pomwepo, nichisanduka mwala wolimba wa mitundu ya syenite ndi granite. Pambuyo pake mvula ndi mitsinje zidakokolola miyala yofewa yozungulira, n'kusiya phirili lili njo pakati pa chigwa. Mwala wozirala modekha chotere umakhala wokhakhala, ndipo pokhakhalapo mpamene nsapato ya wokwera imaluma, pakuti m'malo ambiri mulibe mng'alu woti n'kulowetsamo dzanja. Mwalawo ukauma ndi bwenzi. Ukanyowa, ndere zomera pamenepo zimaterera ngati therere.

Komatu chimene chimandidetsa nkhawa koposa si kugwa ayi, pakuti kugwa aliyense amakuopa ndipo amakukonzekera ndi chingwe ndi chisoti. Mdani amene mlendo samuyembekeza ndi chisanu, chifukwa wabwera ali ndi maganizo akuti kuno n'kotentha chaka chonse. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera, ndipo pa Sapitwa, nsonga ya phirili ya mamita 3,002, madzi amatha kuundana usiku m'nyengo yozizira. Pakati pa Meyi ndi Ogasiti, miyezi yomwe okwera amaikonda chifukwa mvula yaleka, mpamenenso pamabwera chiperoni, mphepo ija yonyowa yochokera kumwera chakum'mawa, imene idatenga dzina lake ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Imafika mwakachetechete ndi nkhungu ndi mvula yowaza, niphimba njira, nikhoza kukhala masiku angapo osachoka.

Thupi la munthu lidalengedwa kuti m'kati mwake muzitentha madigiri 37, ndipo kutenthako kukatsika pansi pa 35, amayamba matenda amene madokotala amawatcha hypothermia. Madzi amachotsa kutentha m'thupi msanga kwambiri kuposa mpweya wouma, kotero kuti malaya athonje onyowa ndi thukuta kapena nkhungu, mphepo ikawomba, amasanduka mbala yoba moto wa m'thupi. Ndipo wokwera thanthwe ali pangozi yoposa ya woyenda pansi, popeza amaima nthawi yaitali pakashelefu ka mwala, osasuntha, atagwira chingwe cha mnzake amene ali pamwamba. Poyamba thupi limadziteteza: munthu amanjenjemera, mitsempha ya m'manja ndi m'mapazi imafinyika kuti magazi athawire ku mtima, ndipo zala, zomwe moyo wake wonse wapachikika pa izo, zimachita dzanzi n'kulephera kumanga mfundo. Kenaka lilime limalemera, miyendo imadzandira, nzeru zimasokonekera, mwakuti wodwalayo, ngakhale imfa ili pakhomo, amaumirira kuti ali bwino. Kunjenjemera kukaleka munthu akadali pozizira pomwepo, musati wachira, mphamvu zamuthera.

Wotereyo mumchotse pamphepo, mumvule zonyowa, mumfunditse zouma kuyambira pachifuwa ndi kumutu, ndipo muyale kanthu pansi kuti mwala usapitirize kumuyamwa kutentha. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, mpatseni tiyi wofunda wa shuga. Musamtikite manja ndi miyendo, musamnyamule mwankhanza, pakuti mtima wozizidwa suchedwa kusokonezeka. Ndipo mowa, umene ambiri amauyesa mankhwala a chisanu, musampatse ngakhale dontho, chifukwa umatsekula mitsempha ya pakhungu, munthu namva kufunda pamene kutentha kwenikweni kukuthawa.

M'mwezi wa Julaye 2009 mlendo wina wachinyamata wa ku Brazil adasiya womperekeza nalunjika yekha ku Sapitwa atavala zopepuka. Nyengo idasintha, ndipo thupi lake lidapezeka patapita masabata oposa awiri, atafa ndi chisanu. Safunsa adadya phula, adatero makolo, koma sindinena izi momuweruza, pakuti kumwamba kukakhala kuli mbee, ndani angakhulupirire kuti masana omwewo sadzaona ngakhale dzanja lake? Amene amakhulupirira ndi amuna a m'midzi ya m'tsinde mwa phiri, operekeza alendo ndi onyamula katundu, amene adakula akuwerenga mitambo ya pamenepo. Mmodzi wa iwo akayang'ana kum'mawa m'bandakucha pa nyumba yogona alendo ya Chisepo, nati, “Bwana, lero tisakwere,” chingwe chibwerere m'chikwama, moto usonkhezedwe, ndipo ulendo udikire tsiku limene mwala udzaume.