KOMPYUTA YA M'KATI MWA KOMPYUTA: CIMENE CIILETSA KUYENDA

Ku Chainda, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, kuli anyamata ndi asungwana amene aphunzira nchito ya kompyuta pa makina akale ogula m'tauni, makamaka a Dell ndi a HP amene anayamba agwira nchito m'maofesi. Ophunzira otere kawirikawiri auzidwa kuti aikemo VirtualBox. Imeneyi ndiyo pulogalamu imene ilola kompyuta imodzi kusunga inzace m'kati mwace, monga mwini nyumba amene adula cipinda nalowetsamo munthu wa lendi. Motero Windows ndi Linux akhala pamodzi m'bokosi limodzi.

Nzeru imeneyi si ya dzulo ai. A IBM anaiyamba ku America m'zaka za m'ma 1960. Mu 2005 a Intel anaika mphamvu yothandiza nchitoyi m'kati mwa purosesa, ndiye mtima wa kompyuta, naicha VT-x. A AMD anatsatira mu 2006 ndi yao yochedwa AMD-V. Kuyambira 2019 VirtualBox watsopano sayenda konse popanda mphamvu imeneyi.

Bvuto liyamba pamene makina alemba kuti VT-x palibe, kapena kuti ndi yotseka. Ambiri athamangira kwa wokonza, amene afafaniza zonse naikamo Windows wina. Ndalama zapita, makalata ndi zithunzi zatayika, koma mau aja abweranso cimodzimodzi, pakuti nthenda siinali mwa Windows. Makina ambiri akale anacokera ku fakitale mphamvu imeneyi iri yotseka.

Kudziwa kwace nkwapafupi. Munthu akanikiza Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, nasankha Performance, ndipo pansi pa CPU aona mau akuti Virtualization. Ngati palembedwa Disabled, khomo lace liri mu BIOS, kumene kusungidwa malamulo amene makina atsata Windows asanadzuke. Alowamo poyatsa makina, pogogoda F2 pa Dell, F10 pa HP, kapena Delete pa ena ambiri. Pamenepo afunefune Virtualization Technology, kapena SVM Mode ngati purosesa ndi wa AMD, natembenuze kuti pakhale Enabled. Asaiwale kusunga asanaturuke, ndipo azime makina kotheratu asanayatsenso, cifukwa ena samva ngati sanazimidwe.

Koma pali cina cimene cisautsa anthu a m'makomboni koposa zonse. Wina akonza bwino lero, magetsi nazima usiku, ndipo m'mawa apeza khomo lotsekanso. Apa ena ayamba kunena za ufiti, kapena kuti wogulitsa anawabera. Cifukwa cace nkabatire kakang'ono kozungulira ngati ndalama ya citsulo, kochedwa CR2032, ka mavoti 3, kamene kakhala pa bolodi lalikuru m'kati mwa bokosi. Nchito yace ndiyo kusunga nthawi ndi malamulo a BIOS pamene kulibe magetsi. Mu ofesi imene magetsi sazima, kabatireka kangathe kufa popanda wodziwa. Koma mu 2024, pamene cirala cinacepetsa madzi a ku Kariba ndipo a ZESCO anazimitsa magetsi koposa theka la tsiku, makina okalamba anakhala maora ambiri akudalira kabatire kokha. Kumene kanali kakufa, anaiwala zonse anauzidwa nabwerera ku malamulo a ku fakitale. Cizindikiro cace ncosabisika: koloko ya kompyuta isokera, nionetsa caka cakale. Mankhwala ndiwo kuzula cingwe ku khoma, kutsegula bokosi, ndi kuikamo katsopano, mbali ya cizindikiro ca + iri pamwamba. Mtengo wace ngwocepa zedi poyerekeza ndi wa wokonza.

Nthawi zina BIOS iri bwino, koma Windows mwini watenga kale mphamvuyo kupyolera mwa Hyper-V kapena Memory Integrity, ndipo mlendo ayenda mwa ulesi kapena akana. Kuzima zimenezi kuthandiza, ngakhale Memory Integrity ndi mlonda woletsa mapulogalamu oipa, ndipo sayenera kucotsedwa mwacibwana.

Otsala ndi makina amene anabadwa opanda mphamvuyi. Core 2 Duo E7200 alibe VT-x, pamene E8400 ali nayo. Wofuna kugula apemphe wogulitsa kuti ayatse makina pomwepo m'sitolo, naone dzina la purosesa, ndiponso ngati BIOS siinatsekedwe ndi mau a cinsinsi a ofesi imene anacokerako, ndalama zisanacoke m'thumba.